Kamera Ikamakana Kujambula Nthawi Zina: Mmene Mungapezere Chavuta

Funso limene anzanga ojambula amandifunsa kawirikawiri, makamaka amene angoyamba kumene, ndi lakuti: "Kamera yanga imajambula bwinobwino, koma nthawi zina ndikadina batani imangoti duu. Ndikaizimitsa n'kuiyatsanso imayambiranso. Kodi ikufa?" Ndaliyankha mobwerezabwereza, choncho ndaona kuti ndilembe yankho lonse pamalo amodzi.

Nthawi zambiri kamerayo imakhala ilibe vuto lalikulu. Ikapanda kujambula, mwina ikukana dala, chifukwa anaipanga kuti isajambule zinthu zina zikapanda kukhala m'malo mwake, apo ayi ikulephera chifukwa china chake chawonongekadi. Kukana ndiye kumachuluka, ndipo mukhoza kuthana nako nokha popanda kumasula kalikonse. Ntchito yanu ndi kusiyanitsa ziwirizi. Musanayambe, koperani zithunzi zonse za m'khadi ku kompyuta, chifukwa kutsogoloku tifika pofufuta khadilo.

1. Ipezerereni vuto lili mkati

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, chonsecho m'pamene pagona nkhani. Vuto lobwera n'kumapita lili ngati mwana wodwala amene akangofika kwa dokotala thupi limazizira n'kuyamba kusewera. Mukapita nayo kamera kwa wokonza, ijambula zithunzi makumi awiri osadodoma, ndipo adzakubwezerani n'kukuuzani kuti ili bwino.

Kamera ikakana, dzanja limathamangira kuizimitsa kapena kuchotsa batire. Ndikudziwa kuti pamwambo simungaime n'kumaiyang'anitsitsa anthu akudikira. Koma pezani tsiku loti simuli pantchito, muijambulitse mpaka ikane, ndipo ikatero musaizimitse. Mukaizimitsa mwafufuta umboni wonse. Chotsani chala pabatani, muone izi:

Kodi sikirini ikadali yoyaka, nanga manambala a m'kagalasi kosuzumira akuonekabe? Pali chimene chikuphethira, kaya kadontho kobiriwira, kachizindikiro ka mphezi kapena ka batire? Kanyali kamene kali pafupi ndi kachitseko ka khadi kakuyaka? Pali mawu alionse, monga Err, BUSY kapena Card? Lenzi ikumveka kuyenda uku ndi uku? Mukadina batani la menyu kapena loonetsa zithunzi, kamera ikuyankha?

Tengani foni mujambule sikiriniyo mmene ilili. Kenaka lembani m'kabuku: mumajambula chiyani, kunali kowala kapena mdima, lenzi iti, munali mutakoka zumu kufika pati, nambala ya f (yosonyeza kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala m'lenzi) inali chiyani, fulashi inali yoyatsa kapena ayi, batire liti, khadi liti, kamera inali itayaka nthawi yaitali bwanji, munaigwira chogoneka kapena choimika. Zikuoneka zambiri, koma mukalemba kangapo mudzayamba kuona chinthu chimene chikubwerezabwereza.

Zimene mwaonazo zikuuzani koyambira. Ngati kamera ili moyo, mabatani ena akugwira, koma chithunzi chokha ndiye sichikutoleka, ndiye kuti ikukana kapena batani latha, ndipo yankho lili pa mfundo 2, 3 kapena 8. Ngati yauma, palibe batani likuyankha, kanyali ka khadi kali chiyakire, ganizirani za khadi. Ngati yazima yokha kapena yazima n'kuyakanso, ganizirani za batire ndi tizitseko. Ngati yalemba Err ndi nambala, tsegulani buku lake, chifukwa nambalayo ili ndi tanthauzo.

Pali malamulo awiri oti muwagwiritse poyesa chilichonse chili m'munsimu. Loyamba, sinthani chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Anthu ambiri amasintha khadi, batire ndi lenzi tsiku limodzi, vuto n'kusowa, koma osadziwa kuti wolakwa anali uti. Pakapita mwezi amabwezeramo khadi lomwe lija, vuto n'kubweranso pa tsiku loipa. Lachiwiri, yesani mokwanira. Ngati kamera imakana mwina kamodzi pa zithunzi 50, kujambula zithunzi 10 popanda vuto sikukutsimikizira kanthu. Jambulani 200 kapena 300, m'malo ofanana ndi amene imakonda kukanira, musananene kuti zatheka. N'zotopetsa, koma palibe njira yachidule pamenepa.

2. Fokasi

Ichi ndicho chifukwa chofala kuposa zonse. Batani lojambulira limadinika pawiri. Mukalidina pang'ono, kamera imayeza kuwala n'kuyendetsa magalasi a m'lenzi kuti chimene mukujambula chisaoneke chimbuuzi, ndiyo fokasi imeneyo. Mukalidina mpaka pansi m'pamene imatola chithunzi. Makamera ambiri, akakhala pa njira ya fokasi yotchedwa One Shot ngati ndi Canon, kapena pa AF-S ngati ndi Nikon ndi ena, salola kujambula fokasi isanagwire. Inu mumadina mwamphamvu, iyo ikudikira.

Fokasi imavuta kugwira mumdima, pa khoma losalala lopanda chizindikiro, pa thambo, pa nsalu ya mtundu umodzi, komanso mukamajambula kudzera pawindo kapena pa mpanda wa waya. Imakananso mukayandikira kwambiri. Lenzi iliyonse ili ndi mtunda umene siingaone bwino mukaupitirira, ndipo umalembedwa pa lenzipo. Pa malenzi ambiri a 18-55mm ndi pafupifupi 0.25m, pamene malenzi okokera zakutali amafuna pafupifupi mita imodzi kapena kuposa. Mtundawu amauyeza kuchokera pa sensa (kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamatola chithunzi), pamene pali kachizindikiro ka bwalo lodulidwa ndi mzere pamwamba pa kamera. Sayezera kutsogolo kwa lenzi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikakana, sunthani kaswichi kuchoka pa AF (kamera ikuchita fokasi yokha) kupita pa MF (inu mukuchita fokasi ndi dzanja), n'kudinanso. Ikajambula pomwepo, mwapeza. Mankhwala ake ndi kuloza kabokosi ka fokasi pamalire pamene chakuda chakumana ndi choyera, monga pa diso kapena m'mphepete mwa kolala, kubwerera m'mbuyo pang'ono, ndi kuonetsetsa kuti chala chanu sichikutseka kanyali kakutsogolo kamene kamathandiza fokasi mumdima. Makamera ena amalola kusintha mu menyu kuti azijambula ngakhale fokasi isanagwire. Ine ndimatero pojambula zinthu zochitika kamodzi kokha, chifukwa chithunzi chofewa pang'ono chiposa kubwerera chimanjamanja. Pa zithunzi zoti anthu aima n'kudikira, ndimasiya mmene zilili.

3. Zochunidwa zimene zimachedwetsa chithunzi

Kamera ikamakhudzana ndi chikwama kapena kubwerekedwa, zinthu zimasuntha inu osadziwa. Onani ngati tayima ya masekondi 2 kapena 10 yayatsidwa, kapena ngati kamera ikudikira rimoti. Pa makamera okhala ndi kalilole m'kati, pali njira imene kudina koyamba kumangokweza kaliloleyo, chithunzi n'kutoleka pa kudina kwachiwiri. Mumamva phokoso, posuzumira n'kuda bii, koma chithunzi palibe. Onaninso kagudumu kosankhira njira yojambulira, kolembedwa P, A, S ndi M, kuti sikanaime pakati pa zilembo ziwiri.

Mumdima, kamera ikamadzisankhira liwiro, ikhoza kusiya shata (timapeni timene timatseguka kuti kuwala kulowe pojambula) yotsekula kwa masekondi angapo, inu n'kumayesa yauma. Ndiponso ngati mwayatsa Long Exposure Noise Reduction, kamera ikatha kujambula imatolanso chithunzi china chamdima cha nthawi yofanana, kuti ichotsere timadontho tosafunika. Chithunzi cha masekondi 30 chimafuna masekondi enanso 30, ndipo Nikon imaphethiritsa mawu akuti Job nr, Canon imalemba BUSY. Imeneyo ndi ntchito yake, ingodikirani.

Fulashi nayo imafuna nthawi yodzaza mphamvu ikangowala, ndipo makamera ambiri sajambula kachizindikiro ka mphezi kakuphethira. Batire likamachepa, nthawiyo imatalika. Mukaithamangitsa kwambiri imatentha n'kupuma yokha. Pomaliza, makamera ena salola batani kugwira ntchito akalumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe cha USB kapena ku foni pa Wi-Fi.

4. Khadi

Kamera siilemba chithunzi m'khadi nthawi yomweyo. Imayamba yachiika m'kamosungira kake kakanthawi, kamene amati buffer, n'kumasamutsira m'khadi pang'onopang'ono. Mukajambula motsatizana, makamaka zithunzi za RAW zimene ndi zolemera, kamosungirako kamadzadza ndipo kamera imaima mpaka malo apezeke. Chizindikiro chake ndi kanyali ka khadi kuyaka nthawi yaitali. Pa Nikon, mukadina batani pang'ono n'kuona chilembo r ndi nambala, monga r06, si uthenga wa vuto ayi, ikukuuzani zithunzi zimene zingalowebe. Kanyaliko kakuyaka musachotse khadi kapena batire, mungawononge zithunzi.

Khadi lochedwa limakulitsa vutoli. Werengani zolembedwa pakhadipo: Class 10 ndi U1 amalonjeza kulemba osachepera 10MB pa sekondi, U3 ndi V30 osachepera 30MB. Nambala yaikulu imene amaikometsera kutsogolo nthawi zambiri imanena za liwiro lowerenga, pamene chimene chimaimitsa kamera ndi liwiro lolemba. Dziwaninso kuti makhadi a SDHC amalekeza pa 32GB, oposa pamenepo ndi SDXC, ndipo makamera akale ena sawadziwa.

Chotsani khadi muliyang'ane. Kaswichi kam'mbali kolembedwa Lock kakakhwepa, kamatsetsereka pokha polowetsa khadi, ndiye tsiku lina kamera ijambula, tsiku lina ikana. Ngati mumagwiritsa ntchito khadi laling'ono la microSD loikidwa m'chikhadi chachikulu, yesani khadi la SD lenileni, chifukwa chikhadicho chimawonjezera malo ena oti zitsulo zisagundane bwino. Ngati ndi khadi la CompactFlash, unikani m'kati mwa kamera muone ngati palibe kawaya kopindika, ndipo musakakamize khadi kulowa.

Tsopano fomatani khadi, ndiko kuti kulifufuta lonse kudzera mu menyu, m'kamera momwemo. Kufufuta zithunzi chimodzichimodzi kapena kufomata pa kompyuta sikufanana nako. Vuto likapitirira, bwerekani khadi limene mukudziwa kuti limagwira bwino ntchito. Makhadi achinyengo alipo ambiri: amalemba 128GB koma malo enieni ndi ochepa, choncho amagwira bwino mpaka malo enieniwo atatha, kenaka n'kuyamba kusokoneza. Pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows, kapena F3 pa Linux ndi Mac, imadzadza khadi lonse n'kuliwerenganso, ndipo imaulula bodzalo.

Pali kanthu kena kamene anthu ochepa amakadziwa. Mafoda a m'khadi amayambira pa 100 kulekeza 999, ndipo zithunzi zimalekeza pa 9999. Manambala onse awiri akafika kumapeto, kamera imakana kujambula ngakhale khadi lili ndi malo. Izi zimachitika kwambiri khadi likamayendayenda m'makamera osiyanasiyana. Fomatani khadi n'kuyambitsanso manambala mu menyu.

5. Batire ndi tizitseko

Chizindikiro cha batire pa sikirini chimanama batire likakalamba. Kamera ikangokhala, imadya mphamvu pang'ono ndipo batire limaoneka lodzadza. Koma pa kamphindi kojambula, shata, kalilole, fokasi ndi fulashi zimakoka mphamvu nthawi imodzi, batire lotopa n'kugwa, kamera n'kuzima kapena kuuma. Kukazizira zimanyanya. Njira yotsimikizira ndi imodzi, kuyesa batire lina labwino lotchajidwa mokwanira, makamaka la kampani imene inapanga kamerayo. Batire likatupa moti likuvuta kutuluka, lisiyeni lero lomwe, musalitchajenso. Ngati kamera yanu imadya mabatire a AA, a alkaline amafooka msanga, otchaja a NiMH ndi amene amapirira.

Pukutani tizitsulo ta batire ndi kansalu kouma. Kenaka yang'anani tizitseko. Makamera ambiri ali ndi kaswichi kakang'ono pa chitseko cha batire, ena ndi pa chitseko cha khadi pomwe, kamene kamadula magetsi chitseko chikatseguka. Chitseko chikakhwepa, kufinya kwa dzanja lanu kokha n'kokwanira kuizimitsa kamera. Iyatseni, mukanikize zitsekozo mofatsa uku ndi uku, muigwedeze pang'ono, muone ngati sikirini ikuphethira. Ngati munamangirira chogwirira chokhala ndi batire lachiwiri kunsi kwa kamera, chichotseni muyese popanda icho.

6. Lenzi

Lenzi ndi kamera zimalankhulana kudzera pa timadontho tachitsulo tooneka ngati golide, kumbuyo kwa lenzi ndi pakamwa pa kamera. Thukuta, mafuta a m'manja ndi fumbi zikamatirira pamenepo, kulankhulanako kumaduka mwa apo ndi apo. Canon imalemba Err 01, ndipo pa Nikon nambala ya f imasowa n'kutsala F ndi timizere tiwiri. Zimitsani kamera, chotsani lenzi, mupukute timadonthoto ndi kansalu kopanda ubweya konyowetsedwa pang'ono ndi isopropyl alcohol. Kamera muizondotse, pakamwa payang'ane pansi, kuti zinyalala zisagwere pa sensa. Ena amalangiza kupukuta ndi labala ya pensulo. Ine sindivomereza, chifukwa imapala golide wopyapyalayo ndipo nyenyeswa zake zimagwera m'kati. Pobwezera lenzi, potozani mpaka mumve kuti yati khethe.

Pa malenzi akale a Nikon okhala ndi mkombero wa manambala a f, mkomberowo ukasuntha kuchoka pa nambala yaikulu kwambiri, monga 22, kamera imalemba FEE n'kukana. Ubwezereni ndi kuukhoma.

Vuto likapitirira, chitani mayeso awa, amene amaulula zimene kupukuta sikungathetse. M'kati mwa lenzi ya zumu muli kachingwe kopyapyala kamene kamapindika nthawi iliyonse mukakoka zumu, ndipo pakapita zaka kamayamba kuthyoka. Ikani kamera pa A kapena Av, pamene mumasankha nokha nambala ya f. Jambulani kabowo kolowetsa kuwala kali kotsekula kwambiri, kutanthauza nambala ya f yaing'ono, kenaka pa f/8, kenaka pa f/16. Bwerezani zimenezi zumu ili koyambirira, pakati ndi kumapeto. Mukapeza kuti imakana pa zumu inayake yokha, kapena imajambula pa nambala yaing'ono koma n'kukana mukangoikweza, wolakwa ndi lenzi. Tsimikizani pomangirira lenzi ina pa kamera yanu, komanso lenzi yanu pa kamera ina.

7. Kutentha ndi chinyontho

Kamera ikajambula vidiyo nthawi yaitali kapena kukhala padzuwa, imadziteteza poima, ndipo nthawi zambiri imayamba yaonetsa kachizindikiro koyezera kutentha. Iikeni pamthunzi, tsekulani chitseko cha batire, mudikire. Mukaichotsa pozizira kupita nayo pofunda, m'kati mumachita mame. Isiyeni m'chikwama chotseka mpaka ifanane ndi mpweya wa pamalopo musanaiyatse.

8. Batani lenilenilo

Ngati zonse zam'mwambazi zili bwino, kamera ili moyo, palibe uthenga uliwonse, ili pa MF koma ikukanabe, ganizirani za batani. Pansi pake pali tizitsulo timene timatha kapena kuchita litsiro. Zizindikiro zake ndi izi: fokasi ikugwira koma chithunzi chikufuna mudine mwamphamvu kapena chammbali, kapena simukumvanso malire a kudina koyamba ndi kwachiwiri.

Mayeso ake ndi kujambula osakhudza batanilo. Gwiritsani ntchito rimoti ya chingwe, pulogalamu ya pa foni, kugunda pa sikirini ngati kamera imalola, kapena batani la pa chogwirira chakunsi. Tayima siithandiza apa, popeza imayambitsidwa ndi batani lomwelo. Ngati njira zinazi zikujambula nthawi zonse, batani ndiye lofunika kusintha, ndipo imeneyi ndi ntchito yaing'ono kwa mmisiri. Chonde musathiremo mafuta kapena mankhwala opopera. Amayenderera mpaka kumene simungawafikire.

9. Kubwezera zochunidwa zonse pachiyambi

Ndaiika kumapeto dala. Mukathamangira Reset, vuto likhoza kutha koma simudziwa chimene chinalakwika, ndipo mudzachichunanso nokha. Yambani mwajambula ndi foni masamba a menyu, kenaka bwezerani zonse mmene zinalili pochoka ku fakitale, muyesenso. Onaninso pa webusaiti ya kampani ngati pali firmware yatsopano, ndiyo pulogalamu yoyendetsa kamera m'kati. Werengani zimene akuti akonza. Poiika, batire likhale lodzadza ndipo musakhudze kalikonse mpaka ithe, chifukwa ikadukira panjira kamera ikhoza kusayakanso.

10. Nthawi yopita kwa mmisiri

Shata ndi timapeni topyapyala timene timatseguka ndi kutseka pa chithunzi chilichonse, ndipo timatha. Makampani amaiyesa n'kunena chiwerengero cha zithunzi zimene ingajambule isanathe: makamera ambiri apakati ndi pakati pa 100,000 ndi 200,000, Canon 5D Mark IV ndi 150,000, Nikon D850 ndi 200,000. Ena amapitirira patali, ena amafa asanafike. Shata ikamatha, phokoso lake limasintha, pa zithunzi pamaoneka mzere wakuda kapena wowala mopingasa, makamaka pa liwiro lalikulu, ndipo Err imabwera ngakhale mutasintha khadi, batire ndi lenzi. Pa Canon, Err 30 imaloza ku shata. Ngati kamera yanu ili ndi shata yamagetsi yopanda phokoso, iyeseni. Ikamajambula bwino pamenepo koma n'kumakana pa shata wamba, mwatsala pang'ono kutsimikiza.

Musamasule kamera nokha. Fulashi ili ndi kapasita yosunga magetsi okwana mavolti pafupifupi 300 ngakhale batire litachotsedwa, ndipo ngati waranti ikadalipo, kumasula kumaithetsa.

Popita kwa mmisiri, tengani kamera pamodzi ndi lenzi, batire ndi khadi zimene vuto limachitika nazo, zithunzi za sikirini za mufoni, ndi kabuku kanu. Muuzeni zimene mwayesa kale ndi zotsatira zake. Ngati mwapeza njira yoikanitsira mwadala, monga zumu pa 35mm ndi f/11, muonetseni pamaso pake. Mufunseni akuuzeni chimene wapeza ndi mtengo wake asanayambe ntchito, kuti muyerekeze ndi mtengo wa kamera ina yonga yomweyo. Pokaitenga, bwerezani mayeso omwewo muli pomwepo musanalipire.